Nsalu Yophimbira Tinenenji

Mukapita ku Mirdif, dera lina la ku Dubai, n'kukafunsa za a Everlyn Mwenda, palibe amene angakulozereni nyumba. Kumeneko dzina lawo ndi Eva, chifukwa Madamu, mayi amene amawagwirira ntchito, analidula tsiku loyamba lomwe, ati lathunthulo likuwatopetsa pakamwa. Koma ku Bangwe, kuseri kwa msika, mukangoti "amake Tinenenji a ku Dubai", ngakhale wogulitsa makala akuperekezani mpaka pakhomo, ndipo m'njiramo akuuzani kuti mayi amenewo akudya bwino kunjako. Anthu akwathu ndi otero. Munthu akangokwera ndege basi, kwa iwo mavuto ake onse atsala pabwalo la Chileka.

Kudya bwino kwakeko ndi uku. A Everlyn amagona m'kachipinda kogundana ndi kochapira zovala, moti makina akamazungulira bedi nalo limanjenjemera. Amadzuka faifi koloko, amaphika, amakolopa, amasita, amalera ana atatu a eni nyumba, ndipo chaka chino ndi chachisanu ndi chiwiri. Kale ankagulitsa kaunjika pamsika wa Bangwe, ndipo amene ankagula kwa iwo amakumbukirabe kuti mayiwo ankangokhudza nsalu ndi zala ziwiri n'kukuuza ngati idzapirire sopo kapena ayi. Bambo a Tinenenji atamwalira, kaunjika analephera kusenza nyumba yekha. A Everlyn anasiya mwana wawo mmodzi yekhayo ali Fomu 2, m'manja mwa mng'ono wawo Jean, n'kukwera ndege. Kumudzi abwererako kawiri kokha, milungu itatuitatu, ndipo theka la masikuwo linkathera kulandira alendo odzaona zimene zili m'sutikesi.

Ana a Madamuwo amawadziwa mpaka mapazi. Ali m'khichini, msana ataulozetsa kukhomo, amadziwa amene akutsika masitepe. Wamkulu amatsika ngati akuthamangitsidwa, wapakati, Salim, amakhwekhwereza masilipasi, wamng'ono amatsika ndi matako. Madamu mwini wakeyo amachita kufunsa kuti akubwerayo ndani, a Everlyn n'kuyankha osacheuka.

Ndiye chaka chino Tinenenji anapeza mwamuna, Luckson, mnyamata wokonza mapaipi a madzi ku Limbe, ndipo ankhoswe anakhazikitsa tsiku la chinkhoswe, Loweruka lachitatu la mwezi wa Okutobala. A Everlyn anavala ulemu wonse umene ali nawo n'kukapempha tchuthi cha milungu iwiri.

"Inshallah, Eva," anatero Madamu.

Inshallah ya Madamu ili mitundu iwiri. Ilipo imene amanena akukuyang'ana, imeneyo nthawi zina imabala zipatso. Ilipo ina imene amanena maso ali pafoni, imeneyo ndi ayi wovala bwino. Tsiku limenelo maso anali pafoni. Patatha sabata a Everlyn anakumbutsanso, ndipo anauzidwa kuti ana ali pakati pa teremu, kuti agogo awo a anawo akubwera kudzaonana ndi madokotala, kuti tchuthi ndi cha chaka chamawa monga mmene pepala la ntchito likunenera, khalas, nkhani yatha. Zinawawa. Tisanamizane, zinawawa kwambiri, ndipo masana amenewo mbale ziwiri zinapulumuka mwamwayi.

Kubanja la a Everlyn chinkhoswe amachita chonchi. Amatenga atsikana atatu ofanana msinkhu, mwini chinkhoswe mmodzi, awiri ongosokoneza, n'kuwafunditsa nsalu kuyambira kumutu mpaka m'miyendo. Amawatulutsa pabwalo azimayi akuimba, ndipo mkamwini amayenera kuloza wake n'kumuvundukula. Akalakwitsa, amasekedwa mpaka ana ake adzamve nkhaniyo. Nsalu zitatuzo zimayenera kufanana ndendende, komanso zikhale zokhuthala, zosaonetsa ngakhale mthunzi wa mphuno.

"Achemwali, nsalu zadzaza ku Limbe," anatero Jean pafoni. "Inu musavutike, tigula konkuno."

Mawu akuti musavutikewo ndi amene anawayabwa. Zaka zisanu ndi ziwiri akhala akuuzidwa musavutike. Mwana akadwala, musavutike, tapita naye kale kuchipatala. Mwana akalemba mayeso, musavutike, wakhoza. Ngakhale za Luckson anazimva zitapsa kale, Jean atamuona, atamufunsa mafunso, atamuphikira tiyi. Jean alibe mlandu, ndi mng'ono wabwino amene anthu ambiri amangomulota. Koma munthu ukamauzidwa musavutike tsiku ndi tsiku, mapeto ake umayamba kudzifunsa ngati ukufunikanso.

"Ayi Jean," anatero a Everlyn. "Zina zonse chitani. Koma nsalu yophimba mwana wanga ichokera m'manja mwanga. Ine sindibwera, nsaluyo ndi imene ikaime pamenepo m'malo mwanga."

Mwayi unalipo umodzi. A Dunstan, bambo wa ku Chiradzulu amene amagwira ntchito ya ulonda panyumba ina yosanja ku Dubai Marina, amene amapemphera nawo limodzi, ankapita kutchuthi kumudzi Lolemba m'mawa, ndipo anavomera kusiya kamalo m'chikwama. A Everlyn amapuma Lamulungu limodzi pa milungu iwiri, kuyambira leveni koloko mpaka sikisi madzulo. Lamulungu limenelo linali lokhalo. Anagwirizana kuti a Dunstan akaweruka akawapeza ku Bur Dubai cha m'ma hafu folo kuti alandire katunduyo.

Leveni koloko inakwana a Everlyn atavala kale, chikwama paphewa. Nthawi yomweyo nsapato ya mwana wamng'ono inasowa, ndipo m'nyumba ya anthu asanu munalibe wina wodziwa kuwerama kupatula Eva. Inapezeka m'basiketi ya zidole thwelofu koloko itadutsa. Anakwera basi, anakwera Metro, anasintha sitima, ndipo pofika ku Meena Bazaar, msika wa Amwenye wa ku Bur Dubai kumene nsalu zimapachikidwa mpaka kudenga, n'kuti ili wani koloko, dzuwa likuotcha ngati lili ndi chifukwa.

"Mama Afrika! Jambo! Nigeria? Uganda? Chikwama, wotchi, bwerani muone!" Oitanira malonda anawazungulira ngati a minibasi ku Limbe. Anatchula mayiko onse amene amawadziwa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula Malawi. A Everlyn anangolowa m'sitolo yoyamba imene inali ndi mpweya wozizira.

Munali zinthu mmenemo, abale. Masari, nsalu zovala akazi a Chimwenye, ofiira, agolide, obiriwira, opetedwa ndi ulusi wonyezimira, ena osokereredwa timagalasi ting'onoting'ono. A Everlyn, amene anatha zaka khumi akuvundula mabelo a kaunjika, anaima kaye kukamwa kuli yasa. Atangotchula mawu akuti mkwatibwi m'Chingerezi chawo cha m'khichini, mwini sitoloyo, bambo wa ndevu zopesedwa bwino, anayamba kuponya nsalu patebulo, ina pamwamba pa inzake, mpaka mulu unafika m'chifuwa.

Anasankha yofiira ya maluwa agolide m'mphepete. Anaikhudza ndi zala ziwiri zija, mtima unakayika, koma maso anali atakopeka kale. Anaitambasula n'kudzifunditsa kumutu, momwemo m'sitolomo.

"Mukundiona?" anafunsa ali m'kati.

"Ndikukuonani bwinobwino, madamu! Maso, mphuno, zonse. Mwakongola kwambiri!"

A Everlyn anaivula. Anayesa yobiriwira. Bamboyo anawaonanso, mpaka anayamikira ndolo zawo. Anayesa ya pinki, ya buluu, ya golide, ndipo nthawi iliyonse bamboyo ankanyadira kuti akuwaona, chifukwa kwawoko mkwatibwi amavala nsalu yopyapyala dala kuti nkhope izioneka pang'ono ndipo anthu azisirira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nsalu zonse zokongolazo zinali ngati neti ya udzudzu yopita kusukulu.

"Sindikufuna muzindiona," anatero a Everlyn, akuyesetsa kuugwira mtima. "Ndikufuna yobisa. Munthu asadziwike kuti ndani."

Bamboyo anawayang'ana mwachifundo, n'kutsitsa mawu. "Pepani madamu. Mwana wanuyo ali ndi vuto pankhope?"

Akanakhala pamsika wa Bangwe, bambo ameneyo akanamva mawu amene sanawamvepo chibadwire. Koma Chingerezi cha a Everlyn ndi cha "yes madam" ndi "food is ready", mulibe zida zomenyera nkhondo. Anangotulutsa foni, kumuonetsa chithunzi cha Tinenenji pafupi ndi mphuno yake, n'kutuluka osatsanzika.

Sitolo yachiwiri anawapatsa mashawelo aubweya, okhuthala ndithu, osaonetsa kanthu. Koma amene anakhalapo ku Bangwe mu Okutobala akudziwa kuti ukafunditsa mtsikana ubweya masana, chinkhoswe chithera kuchipatala cha Queens. Sitolo yachitatu mnyamata wake anamvetsa msanga, anathamangira kuseri n'kubwera ndi nsalu yaikulu ya thonje, yokhuthala, ya zithunzi za njovu zitagwirana michira. A Everlyn anaona kukula kwake, anaona timapilokesi tiwiri titagwa m'kati mwake.

"Iyi ndi yoyala pabedi."

"Inde madamu, koma imabisa bwino kwambiri. Zilipo zitatu zofanana."

"Mwana wanga si matiresi," anatero m'Chichewa, chifukwa zina sizimasuliridwa. Anaganiza za alamu awo a ku Thyolo, amene diso lawo silidutsidwa ndi kanthu, akunong'onezana kuti a ku Dubai aja atumiza mashiti.

Akutuluka mmenemo anamva phokoso la zitseko zachitsulo zikutsitsidwa, uku gwa, uko gwa. Anathamangira sitolo yachinayi, mwini wake anawalozera wotchi n'kunena kuti abwerenso hafu folo. Ambiri mwa masitolo ang'onoang'ono a kumeneko amatseka masana kuti eni ake akadye ndi kugona. Aliyense wa ku Bur Dubai amadziwa zimenezo. A Everlyn zaka zisanu ndi ziwiri zonsezi Dubai amene amamudziwa ndi khichini, tchalitchi ndi malo otumizira ndalama, ndipo sanafunse munthu. Safunsa anadya phula.

Otsala otsegula anali masitolo akuluakulu a golide ndi ena a masari omwe aja oonekera m'kati. Anawalowabe awiri, anadzifunditsanso, anaonedwanso. Kenako anagula samusa ziwiri ndi botolo la madzi n'kukhala pasitepe ya sitolo yotseka, pamthunzi wopapatiza, thukuta likuyenderera kumsana. Maola amene anawapempherera milungu iwiri anali kusungunuka iwo atakhala pansi, akuyang'ana nsalu kudzera m'magalasi okhoma.

Foni inalira. Anali mawu ojambulidwa ochokera kwa Jean. "Achemwali, zikuyenda? Bambo a kunyumba kuno, a Enos, akupita ku Limbe mawa. Ngati zavuta kumeneko tangonenani, agula zitenje zitatu, nkhani yatha. Musavutike." A Everlyn anamvetsera kamodzi, anaika foni m'chikwama n'kutseka zipi mwamphamvu mpaka kachogwirira kanatsala m'manja. Anakwiyira Jean, anakwiyira Madamu, anakwiyira nsapato ija, anakwiyira bambo a Tinenenji chifukwa chomwalira msanga. Atatha onsewo anadzikwiyira okha, ndipo pamenepo misozi inabwera pang'ono.

A Dunstan anafika hafu folo yeniyeni, malaya a yunifolomu akuonekera m'kati mwa jekete, n'kupeza mayiwo manja ali lende.

"Amayi, katundu ali kuti?"

Anawafotokozera zonse, kuyambira neti ya udzudzu mpaka njovu. A Dunstan anayesetsa kuti asaseke, koma mapewa anawapereka.

"Koma amayi, inu gulani iliyonse. Kumudzi akangomva kuti yachokera ku Dubai, khalas, aziombera m'manja ngakhale itakhala sefa."

"Achimwene, inu muli ndi ana aamuna okhaokha, ndiye khalani chete. Mukufuna mkamwini akamuone mwana wanga ali patali ngati nsomba ya m'thumba la pulasitiki? Ndiye ndatumiza chiyani?"

"Pepani. Yalla, tiyeni, nthawi yanu ndi imene ikutha."

Ankanena zoona. Kuti akafike ku Mirdif sikisi koloko, ankayenera kukhala ali m'sitima kota pasiti faifi. Zitseko zinayamba kukwezedwa, ndipo a Dunstan, amene amagona chipinda chimodzi ndi anyamata a ku India ndi ku Pakistan, anayamba kufunsa m'njira ndi timawu tawo ta "bhai" ndi "acha". Wina anawalozera kanjira kopapatiza kuseri kwa masitolo a golide.

Kumapeto kwa kanjirako kunali kasitolo kamene munthu wonenepa angalowe chammbali. Munali timabokosi tosema, nyale zamkuwa, mikanda, ndipo pashelefu panali zidindo zamtengo zogoba maluwa. Mwini wake anali mkulu wa imvi, wa magalasi ochindikala. Kukhoma kunapachikidwa nsalu za thonje zabuluu wakuda, za timaluwa tofiira ndi toyera, zosanyezimira ngakhale pang'ono. A Everlyn anaikhudza imodzi ndi zala ziwiri, ndipo zalazo zinavomera nthawi yomweyo. Anaiika pa nyale ya kudenga, kuwala sikunadutse.

"Iyi," anatero. "Zitatu."

Mkuluyo anatsitsa zitatu n'kuziyala. Yoyamba timaluwa take tinali tozungulira, yachiwiri tosongoka, yachitatu inali ndi mzere wofiira m'mphepete.

"Zofanana," anatero a Everlyn. "Ndikufuna zofanana ndendende."

"Madamu," anatero mkuluyo monyadira, akutenga chidindo chimodzi pashelefu n'kuchigogoda pachikhatho, "izi amadinda ndi manja kwathu, chidindo chimodzichimodzi, munthu ataweramira patebulo tsiku lonse. Palibe ziwiri zofanana. Ubwino wake ndi umenewo. Zofanana amapanga makina."

A Everlyn anakhala pa kampando kamene kanali pamenepo osapemphedwa. Tsiku lonse akhala akufuna nsalu yosaonetsa, aipeza, ndiye pano akuuzidwa kuti ubwino wake ndi womwewo umene ukuiletsa ntchito. Wotchi ya pakhoma inkati teni tu faifi. Anayamba kuganiza zomuimbira Jean, ndipo mawu akuti "kaguleni ku Limbe" anali atafika kale pakhosi, owawa ngati kwinini.

A Dunstan ndi amene anapulumutsa zinthu. Anamufotokozera mkuluyo mwambo wonse, ndi manja, ndi Chingerezi, ndi Chihindi chawo cha m'chipinda chogona: atsikana atatu, mkamwini mmodzi, akalakwitsa asekedwa. Mkuluyo anamvetsera, kenako anaseka mpaka anavula magalasi. Anati kwawo azilamu amabisa nsapato za mkwati, koma kubisa mkwatibwi yemwe sanamvepo. Anafunsa kuti mayi ake a mtsikanayo akakhala mbali iti pamwambopo. A Dunstan anayang'ana a Everlyn, a Everlyn anayang'ana pansi, ndipo mkuluyo sanafunsenso.

Anakoka makwerero n'kukwera pang'onopang'ono, mwaukalamba, a Everlyn akuwerenga masitepe ndi diso limodzi, lina lili pawotchi. Anatsika ndi mpukutu wotsalira, wafumbi m'mphepete, nsalu imodzi yaitali imene inadindidwa ndi dzanja limodzi tsiku limodzi. Anaiyeza pa ndodo yake yachitsulo. Inakwana mamita sikisi ndi kachidutswa.

"Tiiyese kaye padzuwa," anatero a Everlyn. "Achimwene, imani pakhomopo."

"Ine?"

"Nanga ndidziona ndekha?"

Ndiye anthu odutsa m'kanjirako tsiku limenelo anaona mlonda wa ku Dubai Marina, bambo wa ana anayi, ataima padzuwa atafunditsidwa nsalu ya maluwa, nsapato zakuda za ntchito zikusuzumira pansi, mayi wina akumuzungulira n'kumasuzumira ngati akugula mbuzi. Ena anajambula. A Everlyn anayang'ana kutsogolo, kumbali, kumbuyo. Simunkaoneka mphuno, simunkaoneka khutu. Koyamba tsiku limenelo anapuma mpweya wonse.

Mkuluyo anadula nsaluyo patatu, akudandaula chapansipansi kuti nsalu ngati imeneyi siyenera lumo. Akukulunga, a Everlyn anaona m'kabokosi ka galasi zigwinjiri ziwiri zasiliva za kumiyendo, za timabelu ting'onoting'ono. Mkuluyo anazigwedeza, zinalira ngati timadzi. Anati kwawo mkwatibwi amavala zimenezi kuti nyumba yonse izimva kuti wafika. A Everlyn sananenerere n'komwe mtengo, iwo amene ku Bangwe ankatha ola lathunthu akulimbana ndi kasitomala.

"Izi ndi za Tinenenji," anauza a Dunstan pasiteshoni, akuwapanikiza kaphukusiko m'manja. "Mukamuuze Jean kuti mwanayo avale tsiku lakelo. Nsaluzi asazichape, asazisite ndi moto wambiri. Ndipo musaike pamodzi ndi mafuta anu odzola."

Anafika ku Mirdif mochedwa ndi mphindi makumi anayi. Madamu anangoyang'ana wotchi, kenako sinki yodzaza mbale. A Everlyn anatsuka akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Utoto wabuluu wa nsalu ija unawatsalira m'zala masiku atatu, ndipo sanalimbane nawo kuti uchoke.

Loweruka la chinkhoswe anadzipatsa ntchito yosita, kuti akhale okha m'kachipinda kochapira. Folo koloko ya ku Dubai, imene ndi thu koloko ya kumudzi, anatsamiritsa foni pa paketi ya sopo waufa. A Enos, amuna a Jean, ndi amene anagwira foni kumeneko, ndipo ankajambula ngati munthu amene akuthamangitsa ntchentche, uku denga la tenti, uku nsapato za ankhoswe. Netiweki inkadukaduka, anthu n'kumauma pakamwa pali potsegula. A Everlyn anapirira zonsezo, malaya a bwana ali patebulo, simbi ili m'manja.

Kenako azimayi anayamba kuimba, ndipo atatu aja anatuluka m'nyumba, pang'onopang'ono, wina pambuyo pa mnzake. Nsalu ija padzuwa la ku Bangwe inaoneka bwino kuposa m'sitolo muja. Zitatu zonse zinali chimodzimodzi, zosaonetsa kanthu. Pafupi ndi foni mayi wina ananena momveka kuti, "Koma nsalu iyi si ya ku Limbe iyi," ndipo a Everlyn anazindikira mawu a alamu awo a ku Thyolo. Anazimitsa simbi. Dzuwa lonse lija, njovu zija, sitepe ija, zonse zinalipidwa ndi mawu amenewo.

Atatuwo anaima pamzere. A Enos anatsitsa foni mwangozi, ndipo pamiyendo ya wapakati panang'anima siliva.

"Uyo!" anakuwa a Everlyn, kuiwala kuti ali m'nyumba ya eni. "Wapakatiyo! Alamu, muonetseni bwino wapakatiyo!"

A Enos anamuonetsa. A Everlyn anayandikira foni mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi. Anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anaona mmene watalikira, anaona mapewa ake, ndipo anati mumtima mwawo kaimidwe aka ndi ka bambo ake enieni. Analankhula naye chapansipansi, mawu amene mayi amauza mwana wake tsiku ngati limeneli, misozi ikugwera pa malaya a bwana.

Luckson anaimirira, suti yake yotuwa ikumukulira pang'ono m'mapewa. Anayenda kudutsa woyamba. Anafika pa wapakati, mtsikanayo anagwedeza mwendo, timabelu tinalira, anthu anakuwa. Mnyamatayo sanayang'ane n'komwe pansi. Anapitirira n'kukaima pa wachitatu.

"Walakwitsa!" anatero a Everlyn, atagwira kumutu. "Mayo ine, mnyamata uyu walakwitsa! Alamu, muuzeni abwerere!"

Luckson anagwira m'mphepete mwa nsalu n'kuikweza. Anali Tinenenji, akuseka, dzanja lili pakamwa.

Nthungululu zinaphulika mpaka foni inayamba kunjenjemera. Wapakati uja anadzivundukula yekha, anali Favour, mwana wa Jean, akuvina, akuliza zigwinjiri zija. Patapita kanthawi nkhope ya Jean inadzaza galasi lonse, thukuta lili kamukamu, akuseka mpaka kulephera kupuma.

"Achemwali, mwaona? Bangwe yense anamva kuti mwatumiza zigwinjiri za mkwatibwi, ndiye tinati timuveke Favour kuti mkamwini agwe m'mbuna. Koma mnyamata ameneyu! Akuti wamudziwira kaimidwe. Paja Tine amatsamira mwendo wamanzere akaima, chivulalireni bondo lija pa netibolo ali Fomu 3. Ngakhale ine ndinati apa tabisa nkhope chabe, aliyense womudziwa amuona."

A Everlyn anakumbukira. Inalipo foni ina, kalekale, chaka chawo chachiwiri ku Dubai, yonena kuti mwana wagwa kusukulu koma musavutike, ali bwino. Maulendo awiri aja anapita kumudzi, anamuona Tinenenji akuphika, akuseka, akuyesa madiresi a m'sutikesi. Sanamuonepo nthawi yokwanira ataima chabe.

Kenako foni inalandidwa, ndipo anali Tinenenji mwini wake, nsalu yabuluu ili pamapewa, maso akuwala.

"Amayi! Nsalu yanu aliyense akuifunsa. Anti a ku Thyolo akuti muwagulire yawo. Ine iyi sindipatsa munthu, ndidzaberekera mwana wanga." Anaseka, kenako anayandikira. "Koma inu munandidziwa, eti amayi? Musanaone Luckson akuvundukula?"

Kumbuyo kwake a Everlyn ankaona a Enos, amene anamva zonse zimene zinakuwidwa pafoni ija. Bamboyo anayang'ana kumbali n'kuyamba kukonza mpando umene unali wokonzeka kale.

"Ndikanalephera bwanji, mwana wanga," anatero a Everlyn. "Ndinakudziwa utangotuluka pakhomo."

"Ndinadziwa ine," anatero Tinenenji. Wina anamuitana kuti akalandire nkhuku kwa ankhoswe, anatsanzika mothamanga, ndipo foni inaduka.

A Everlyn anakhala pa basiketi ya zovala, m'kachipinda muli zii. Sanalire. Anangomva manyazi amene sanawamvepo, ndi mkwiyo wosowa woupatsa. Nsalu anaisankha bwino, palibe angatsutse. Inabisa mwanayo kwa munthu mmodzi yekha pa anthu onse amene anaonerera.

Pamasitepe panamveka masilipasi, khwe, khwe, khwe, akutsika kulunjika kuchipinda chochapira. A Everlyn anayatsanso simbi, msana uli kukhomo.

"Salim," anatero osacheuka, "juwisi wako ali m'furiji, shelefu yapansi."